Ayuda a ku Zambia ndi Mawu Amene Anafika M'makomboni a Lusaka

PULOGALAMU YA MAPHUNZIRO: NYIMBO, KANEMA NDI WAILESI M'MBIRI YA MZINDA

(Nyimbo yotsegulira: gitala ya Alick Nkhata, itsike pang'onopang'ono)

WOWERENGA:

Mbiri ya Ayuda m'dziko la Zambia ndi mbiri ya anthu ochepa kwambiri, pakuti ngakhale pa nthawi imene anachuluka zedi, m'zaka za m'ma 1950, chiwerengero chawo chinali cha m'ma 1,000 basi, ndipo lero atsala makumi owerengeka. Komabe munthu wofuna kufotokoza mmene anthu a ku Matero, Kanyama ndi makomboni ena a Lusaka anayambira kumvera wailesi ndi kuonera kanema sangaimalize nkhaniyo osatchula ena mwa iwo. Pulogalamu ino ikusanthula zinthu ziwiri zimene zinayenda njira zosiyana. Choyamba ndi nyimbo za Ayuda eni ake, zimene zinatsalira m'sunagoge ndi m'nyumba zawo, osamveka kwenikweni m'komboni. Chachiwiri ndi ntchito imene ana ena a mtunduwo anagwira pa kanema ndi pa wailesi, imene inalowa mpaka m'nyumba za zidina za anthu wamba.

Mawu akuti komboni anachokera ku dzina limene Azungu ankatchulira malo amene bwana ankasungirako antchito ake, ndipo n'chifukwa chake makomboni angapo a Lusaka amadziwika ndi mayina a eni malo kapena a makampani, monga George, John Laing, John Howard ndi Marrapodi. Pamene Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone, amene anakonza mapulani a mzindawo ankaona munthu wakuda ngati mlendo wodzagwira ntchito n'kubwerera kumudzi, motero malo amene anamukonzera anali ochepa. Matero anamangidwa ndi khonsolo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, pomwe Kanyama, Kalingalinga ndi George anakula chifukwa anthu anadzimangira okha, ndipo Mtendere anadza mochedwa, mu 1967, ufulu utabwera kale. Kusiyana kwa kumayadi ndi kukomboni ndiko kunkalamula kuti ndani amve nyimbo iti, ndiponso ndani aonere kanema uti.

Ayuda oyamba anafika kumpoto kwa Zambezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ambiri a iwo kuchokera ku Lithuania ndi madera oyandikana nawo, amene pa nthawiyo anali pansi pa ufumu wa Russia, kumene malamulo ankawaletsa kukhala kumene afuna ndi kugwira ntchito zina, ndiponso kumene magulu a anthu ankawaukira nthawi ndi nthawi. Odziwika kwambiri ndi abale awiri, Elie ndi Harry Susman, amene anafika kudziko la Alozi mu 1901 kudzagula ng'ombe. Ena anatsatira njanji n'kutsegula masitolo ku Livingstone, Choma, Mazabuka, Lusaka ndi Broken Hill, imene lero ndi Kabwe, kenaka ku migodi ya kopa. Gulu lina laling'ono linachokera ku chilumba cha Rhodes m'nyanja ya Mediterranean, ndipo awa ankalankhula Ladino, chilankhulo chofanana ndi Chisipanishi chakale, pomwe a ku Lithuania ankalankhula Yiddish, chimene tsinde lake ndi Chijeremani koma chili ndi mawu ambiri a Chihebri ndipo chimalembedwa m'zilembo za Chihebri. Gulu lachitatu linafika mu 1938 ndi 1939, anthu mazana ochepa othawa ulamuliro wa Hitler ku Germany ndi Austria. Awa analandiridwa mokayikira, ndipo nkhondo itayamba boma linawalemba m'gulu la nzika za dziko la adani, ngakhale kuti dziko lomwelo ndilo linali litawalanda zonse n'kuwapirikitsa. Nkhani zimenezi zinalembedwa mwatsatanetsatane ndi Hugh Macmillan ndi Frank Shapiro m'buku lawo la 1999 lotchedwa Zion in Africa.

Kuti munthu amvetse malo a nyimbo m'moyo wa anthu amenewa, ayenera kudziwa kuti pa mapemphero a Chiyuda pafupifupi chilichonse chimaimbidwa. Mabuku asanu a Mose, amene iwo amawatcha Torah, sawerengedwa monga mmene munthu amawerengera kalata, koma amatchulidwa mwa kaimbidwe kake kamene mwana wamwamuna amaphunzira asanakwanitse zaka 13, msinkhu umene amayamba kuwerengedwa ngati munthu wamkulu pa za chipembedzo. Wotsogolera mapemphero oimba amatchedwa chazan, ndipo m'masunagoge otsatira mwambo wakale, monga analili a ku Northern Rhodesia, pa Sabata sipamveka limba, ng'oma kapena gitala. Liwu la munthu lokha ndilo limanyamula pemphero. Chida chimodzi chimene chili ndi malo akeake ndi shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo, limene limaombedwa pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano ndi potseka Yom Kippur, tsiku la kusala kudya ndi kupepesa machimo. Usiku wolowera tsikulo umatsegulidwa ndi Kol Nidre, mawu a Chiaramu oimbidwa katatu mwa kaimbidwe kachisoni kamene Myuda wa ku Lithuania aliyense ankakadziwa kuyambira ali mwana.

Mapemphero ena sachitika pokhapokha patapezeka amuna khumi, chiwerengero chimene chimatchedwa minyan, ndipo lamulo limeneli linali ndi tanthauzo lalikulu m'dziko limene mabanja a Chiyuda anali omwazikana m'masiteshoni a njanji, banja limodzi apa, mabanja awiri apo. Pa masiku opatulika eni masitolo ankatseka zitseko n'kupita kumene kunali anzawo, poyamba m'nyumba ya mmodzi wa iwo, kenaka m'masunagoge amene anamangidwa ku Livingstone kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ku Lusaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, ndi m'matauni a ku migodi. Kunyumba nako kunali nyimbo zake: za Lachisanu madzulo, mayi atayatsa makandulo a Sabata, ndi za usiku wa Paskha, pamene mwana wamng'ono kwambiri pa banja amaimba mafunso anayi ofunsa chifukwa chake usikuwo ndi wosiyana ndi ena, akulu n'kuyankha pofotokoza za kutuluka mu Ejipito. Pa maukwati kwawo ku Ulaya kunkamveka klezmer, dzina lochokera ku mawu a Chihebri otanthauza zipangizo zoimbira, nyimbo za vayolini ndi chitoliro zimene zimatha kuseka ndi kulira m'nyimbo imodzi yomweyo.

Kwa Ayuda a ku Northern Rhodesia nyimbo zimenezi zinasintha kulemera kwake itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mwa Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ndi ulamuliro wa Nazi ndi owathandiza, munali pafupifupi onse a ku Lithuania, oposa asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse, ndipo a ku Rhodes anatengedwa mu Julayi 1944 kupita ku msasa wa Auschwitz. Mwini sitolo wa ku Mazabuka kapena wa mu Cairo Road ku Lusaka amene ankaimbira mwana wake nyimbo ya Yiddish ankaimba m'chilankhulo cha mudzi umene sunaliponso, ndipo amene anamuphunzitsa nyimboyo analibe ngakhale manda odziwika. Aliyense amene anakhalapo pa maliro kumudzi n'kumva mmene nyimbo imodzi imadzutsira mayina a onse amene anatsogola angathe kuyerekeza katundu amene nyimbozo zinasenza.

Anthu a m'makomboni amene anamva nyimbo zimenezi ndi makutu awo anali ochepa: akhukhi, olera ana ndi ogwira ntchito za m'nyumba, amene ankalowa kumayadi m'mawa n'kubwerera madzulo, ndipo m'nyumba zosunga mwambo anaphunzira kusasakaniza mbale za nyama ndi za mkaka monga malamulo a zakudya a Chiyuda amanenera. Koma pali njira ina, yakale kwambiri, imene nyimbo za Chihebri zinafikira ku Chawama ndi ku George popanda Myuda aliyense kuzinyamula. Masalimo amene makwaya a Reformed Church in Zambia, a Katolika, a Seventh-day Adventist ndi mipingo ina amaimba ndi buku la nyimbo la Ayuda, lomwelo limene chazan amatsegula Lachisanu madzulo, ndipo mawu monga Aleluya, Ameni ndi Hosana ndi Chihebri chimene chinakhazikika m'kamwa mwa anthu olankhula Chinyanja kotero kuti ambiri sachionanso ngati chachilendo. Mabanja a mbali ziwirizi anakhala mu mzinda umodzi zaka zambiri akuimba Salimo limodzi m'zilankhulo ziwiri, osamvana, chifukwa tsankho la khungu linali litaika mpanda pakati pawo.

(Nyimbo yapakati: vayolini ya klezmer, mphindi imodzi)

Nkhani ya kanema inayenda mosiyana. Makampani angapo akuluakulu a ku Hollywood anayambitsidwa ndi Ayuda osamukira ku America kapena ana awo: Carl Laemmle wa Universal, Adolph Zukor wa Paramount, Louis B. Mayer wa MGM, William Fox, ndi abale a Warner. Mfundo imeneyi yakhala ikupotozedwa ndi odana ndi Ayuda, amene amaisandutsa nthano yakuti mtunduwo umalamulira maganizo a dziko, pomwe chifukwa chenicheni n'chapafupi: kanema poyamba anali malonda onyozeka, chisangalalo chotsika mtengo cha anthu osauka a m'mizinda, ndipo alendo amene zitseko za mabanki ndi makampani olemekezeka zinali zowatsekera analowa kumene kunali kotsegula. N'chimodzimodzi ndi mmene anzawo a ku Lithuania analowera malonda a ng'ombe ku Zambezi, ntchito ya malungo ndi maulendo ataliatali imene Angerezi ambiri sankaifuna.

Kanema wa 1927 wotchedwa The Jazz Singer, amene amakumbukiridwa ngati woyamba kutchuka mwa makanema olankhula, ndi nkhani ya mwana wa chazan amene akukana kulowa m'malo mwa bambo ake n'kusankha nyimbo za pa siteji, mpaka usiku wa Yom Kippur pamene bamboyo ali pafupi kumwalira ndipo mwanayo akubwerera kudzaimba Kol Nidre. Amene anasewera mbali imeneyi, Al Jolson, anabadwira ku Lithuania ndipo bambo ake analidi oimba m'sunagoge. Mkangano wa m'kanemayo, wa mwana wa m'tauni ndi mwambo wa makolo, ndi womwewo umene oimba a Lusaka anadzauimba pambuyo pake. Koma kanemayu ali ndi chilema chimene sichiyenera kubisidwa, pakuti Jolson amaoneka atadzipaka nkhope makala kuti afanane ndi munthu wakuda, mchitidwe wa pa siteji za ku America umene unkanyoza anthu akuda; mlendo mmodzi analandiridwa ku America povala nkhope ya munthu amene ankakanidwa kuposa iye.

Kummwera kwa Africa makanema ankafalitsidwa kuchokera ku Johannesburg, kumene I. W. Schlesinger, Myuda wochokera ku America, anagwirizanitsa nyumba zoonetsera kanema ndi makampani ogawa mafilimu kuyambira 1913, ndipo mawu akuti bayisikopo, amene achikulire a ku Matero ndi Chilenje amawakumbukira, anadza ndi njira yomweyo ya kummwera. Ku Livingstone banja la Chiyuda la Grill linamanga Capitol Theatre mu 1931, nyumba imene idakaimabe mu msewu wa Mosi-oa-Tunya. Nyumba zotere zinali za Azungu, ndipo Myuda, ngakhale ankanyozedwa ndi Angerezi ena chifukwa cha kalankhulidwe kake ndi chipembedzo chake, malamulo ankamuwerenga ngati Mzungu: ankalowa pakhomo lakutsogolo, ana ake ankaphunzira sukulu za Azungu. Munthu wakuda ankaonera kanema m'maholo a khonsolo, m'mabwalo a pamtetete a ku migodi, kapena pa chinsalu cha galimoto ya boma yoyendayenda, ndipo filimu iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa bungwe loona zoyenera anthu akuda, limene linkadula zigawo zimene linkaopa kuti zichepetsa ulemu wa Mzungu. Lamulo loletsa tsankho m'nyumba za kanema ndi m'malo odyera linadza mu 1960, zaka zinayi zokha ufulu usanafike.

Chimene anthu ankachita ndi mafilimu odulidwadulidwa amenewa chikudziwika makamaka chifukwa cha mayi wina wa ku America, Hortense Powdermaker, katswiri wa chikhalidwe cha anthu wobadwira m'banja la Chiyuda ku Philadelphia. Iye anali atalemba kale buku lonena za Hollywood mu 1950, kenaka anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954 kufufuza zimene anthu ankamvera pa wailesi, kuwerenga m'nyuzipepala ndi kuonera pa kanema, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1962 m'buku lotchedwa Copper Town. Omuthandiza ake, amene anali anthu akuda odziwa zilankhulo za kumeneko, ankakhala pakati pa oonera n'kumalemba zimene anthu ankanena filimu ili mkati. Zolembazo zikuonetsa anthu amene sanali chete monga atsamunda ankaganizira, koma ankakuwa, kuchenjeza ngwazi ya m'filimu, kutsutsana za khalidwe la Azungu, ndi kumasulirana nkhani imene Chingerezi chake sankachimva ndipo lumo la boma linali litaisokoneza. Mafilimu a makaubhoyi ndiwo ankakondedwa koposa, ndipo ngwazi iliyonse ya pa hatchi inkatchedwa Jack, mosayang'ana dzina lake lenileni. Kafukufukuyu anachitikira ku migodi, koma mafilimu a mtundu womwewo ndiwo ankaonetsedwa ku Lusaka, ndipo chizolowezi choonera moyankhira chinapitirira mpaka m'tinyumba toonetsera mavidiyo timene tinafala m'makomboni zaka zambiri pambuyo pake.

Komabe chida chimene chinalowa kwambiri m'moyo wa m'komboni chinali wailesi. Boma linayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941 pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo, ndipo pofika 1950 siteshoniyo, yotchedwa Central African Broadcasting Station, inkatumikira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Vuto linali lakuti mawailesi anali okwera mtengo ndipo m'makomboni munalibe magetsi. Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo ya batire, imene thupi lake linali ngati sefuliya ya aluminiyamu, ndipo n'chifukwa chake inatchedwa Saucepan Special. Inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, batire lake mashiling'i 25. Ndalamayi sinali yochepa kwa wantchito wa nthawiyo, koma wailesi imodzi inkasonkhanitsa anthu a nyumba zingapo pakhonde madzulo, moti omvera ankachuluka kuposa mawailesi.

Mmodzi mwa amene anagwira ntchito pa siteshoniyi m'zaka za m'ma 1950, pansi pa mtsogoleri wake Michael Kittermaster, anali Peter Fraenkel, amene anabadwira ku Breslau mu 1926, mzinda umene lero ndi Wrocław ku Poland, ndipo anafika ku Northern Rhodesia ndi makolo ake mu 1939 monga othawa kwawo. Buku lake la 1959, Wayaleshi, limene dzina lake ndi katchulidwe ka Chibemba ka mawu akuti wailesi, ndi umboni wamtengo wapatali wa mmene wailesi ya Lusaka inkagwirira ntchito ndi mmene omvera ankailandirira. Limafotokoza za maulendo a kumidzi kukajambula nyimbo za makolo, za makalata ambirimbiri amene ankafika ku pulogalamu yopempha nyimbo ndi kupereka moni yotchedwa Zimene Mwatifunsa, ndi za aulutsi akuda amene dziko la atsamunda silinkawapatsa ulemu woyenera luso lawo. Fraenkel anali mnyamata amene dziko lobadwira linamuuza kuti si munthu wathunthu, n'kufika m'dziko lina kumene khungu lake linamuika pamwamba pa eni nthaka, ndipo m'buku lake lachiwiri la 2005, No Fixed Abode, anabwereranso ku moyo wapakati umenewu. Sikungakhale kulondola kunena kuti kuzunzika kumapatsa munthu aliyense chifundo, pakuti othawa kwawo ena anazolowera tsankho msanga. Koma m'zolemba za Fraenkel muli khutu lomvetsera munthu wakuda monga mnzake wa ntchito, chinthu chimene chinali chosowa m'mabuku a Azungu a nthawiyo.

Mwa anzake a ntchito, wotchuka koposa anali Alick Nkhata, wobadwa mu 1922, amene anamenya nawo nkhondo ku Burma, nagwirapo ntchito ndi Hugh Tracey, wojambula nyimbo za mu Africa, asanalowe pa wailesi ya Lusaka. Nkhata ankatenga nyimbo zojambulidwa kumidzi n'kuzikonza pa gitala, ankapekanso zake m'Chibemba ndi m'Chinyanja zonena za moyo wa m'tauni, za chikondi, mowa, fasho ndi ulova, ndipo gulu lake linadzakhala Lusaka Radio Band, kenaka Big Gold Six. Panalinso Andreya Masiye, amene pulogalamu yake ya Chinyanja, Kabvulumvulu, inakondedwa kwambiri. Anthu amenewa ndiwo anali eni luso, ndipo mbiri ingalakwe itawasandutsa othandiza a Mzungu. Chimene Fraenkel anachita n'kugwira nawo ntchito ndi kulemba za iwo pa nthawi imene panalibe wina wolemba. Mwambo umene aulutsi akudawa anayambitsa, wofotokoza nkhani pa wailesi m'Chinyanja chokoma, unadzafika pachimake ndi Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo ufulu utabwera.

Chikhulupiriro chimene omvera anali nacho pa wailesiyi chinagwedezeka ndi nkhani ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akuchikana. Popeza siteshoni inali ya boma ndipo inkayenera kuulutsa zokomera Chitaganya, aulutsi akuda anayamba kuonedwa ngati ogulitsa anzawo, ndipo mphekesera zinafala m'makomboni zowagwirizanitsa ndi banyama, anthu amene ankanenedwa kuti amagwira anzawo usiku n'kuwapopa magazi, amene ku Malawi amatchedwa anamapopa. Fraenkel analemba za mantha amene anzakewo anakhala nawo m'masiku amenewo. Mphekeserazo zinali zabodza, koma muzu wake unali woona, pakuti anthu ankaona kuti nthaka yawo, thukuta lawo ndi tsogolo lawo zikuperekedwa kwa Azungu a ku Salisbury, likulu la Chitaganya, popanda kuwafunsa, ndipo liwu lotuluka m'sefuliya linali mbali ya boma imene inkalowa m'nyumba zawo. Fraenkel anachoka m'dzikolo Chitaganya chisanathe n'kukagwira ntchito ku BBC ku London, ndipo mu 1958 wailesi ya Lusaka inalowa pansi pa bungwe loulutsa mawu la Chitaganya.

Pa nkhani ya Chitaganya Ayuda sanali ndi liwu limodzi. Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, anali mwana wa bambo wa Chiyuda wochokera ku Lithuania. Simon Zukas, amene anafika kuchokera ku Lithuania komweko mu 1938 ali mnyamata, analimbana ndi Chitaganya pamodzi ndi achinyamata akuda a ku Ndola, ndipo boma linamuthamangitsira ku Britain mu 1952. Anabwerera ufulu utafika, nadzakhala nduna m'boma la chipani cha MMD itatha 1991, namwalira ku Lusaka mu 2021. Mkazi wake, Cynthia Zukas, wojambula zithunzi, anayambitsa Lechwe Trust mu 1986 kuti ntchito za amisiri a luso a ku Zambia zisungidwe m'dziko momwemo. Pakati pa Welensky ndi Simon Zukas panali ambiri amene anangosamala malonda awo, ndipo popeza Ayuda anali ndi gawo lalikulu m'malonda a nyama ndi masitolo, ena a iwo anali mbali ya eni malonda pamene African National Congress ya Harry Nkumbula inkatsogolera anthu kunyanyala mabutchala ndi masitolo ogulitsira anthu akuda pa kawindo.

Ufulu utabwera mu 1964 chiwerengero cha Ayuda chinatsika msanga. Ana ankapita kukaphunzira kunja osabwerera, monga Stanley Fischer, wobadwira ku Mazabuka mu 1943, amene anadzakhala mkulu wa banki yaikulu ya Israel. Ndipo kusintha kwa malamulo a chuma kumene Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi mu 1968, kosungira nzika malonda ambiri a masitolo, kunachotsa maziko a mabanja amene sanatenge unzika. Amuna khumi a minyan anayamba kusowa, ndipo kumene kulibe minyan mapemphero ena ndi nyimbo zake zimaleka. Bungwe la Council for Zambia Jewry linakhazikitsidwa mu 1978 kuti liyang'anire masunagoge ndi manda otsala, ndipo mu 2013 ku Livingstone kunatsegulidwa nyumba yosungira mbiri ya Ayuda, Gateway Jewish Museum, pa bwalo la nyumba ya mbiri ya njanji. Sunagoge wakale wa mu mzindawo tsopano ndi tchalitchi cha Akhristu, chizindikiro cha nyenyezi ya Davide chidakaoneka pa khoma lake, ndipo Masalimo akuimbidwabe m'nyumbamo m'zilankhulo za ku Zambia.

Pali kusiyana kumodzi kumene kuyenera kudetsa nkhawa aliyense wokonda mbiri ya makomboni. Ayuda, ataona mmene dziko lawo la Yiddish linafafanizidwira, anaika mtima pa kusunga mawu: bungwe limene Steven Spielberg anayambitsa mu 1994, atamaliza filimu ya Schindler's List, linajambula pa vidiyo maumboni oposa 50,000 a opulumuka, ndipo anthu ochepa a ku Zambia aja ali ndi mabuku awo ndi nyumba yawo ya mbiri. Anthu zikwi mazanamazana a ku Kanyama, Chawama ndi George alibe nyumba yotero, ndipo achikulire amene anamvera Zimene Mwatifunsa pa sefuliya, kapena kukuwira Jack m'holo ya khonsolo, akutha mmodzimmodzi nkhani zawo zisanajambulidwe, pa nthawi imene pafupifupi m'nyumba iliyonse muli foni yotha kujambula mawu.

Alick Nkhata anapuma pa ntchito ya wailesi n'kupita kukalima ku Mkushi, kumene anaphedwa mu Okutobala 1978 pamene asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe pafupi ndi famu yake. Zina mwa nyimbo zake zinatulutsidwanso ku Britain mu 1991 pa chimbale chotchedwa Shalapo, ndipo zojambula za Hugh Tracey zimasungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Msewu wotchedwa ndi dzina la Nkhata umachokera ku Longacres, kudutsa pa Mass Media Complex pamene pali ZNBC, mdzukulu wa siteshoni imene iye ndi Fraenkel ankagwirako ntchito, n'kulambalala Kalingalinga, kumene akalipentala ndi owotcherera zitsulo amayala mipando ndi mageti m'mphepete mwa tala, mpaka kukafika cha ku Mtendere.

(Nyimbo yotsekera: Shalapo, Alick Nkhata)